Kuchiza Mutu Popanda Khoviwa

Lolemba

Yakobe Khoviwa. Ndalemba dzinali pamwamba penipeni kuti lituluke m'mutu mwanga likhale papepala, chifukwa kuyambira mawa sindilitchulanso.

Zimene anandichita ndi izi. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, tiyi asanadzaze mapiri ano, ine ndinali woliza chitsulo pa esiteti pano. Chidutswa cha njanji chopachikidwa pamtengo wa mbawa. Ndikachimenya ine, anthu onse ankadzuka kupita ku ntchito. Khasu sindinkagwira. Ndinali ndi jekete. Tsono ndinadwala malungo, ndinagona masiku angapo, masikuwo n'kundisokonekera. M'mawa wina thupi litapepuka ndinafunsa mnzanga amene tinaoloka naye Ruo tsiku limodzi pothawa kwa Apwitikizi: "Yakobe, lero n'lachingati?" Iye, osaphethira n'komwe, anati, "Lolemba."

Linali Lamulungu.

Ndinaliza. Ndinaliza mwamphamvu, kuti onse adziwe kuti ndachira. Anthu anatuluka ndi makasu, ena atavala kale za kutchalitchi. Bwana anatuluka ndi sopo kumasaya. Atandifunsa, ndinacheuka kufuna Yakobe kuti anene. Yakobe anali kuseri kwa nkhokwe, akuseka atagwira pamimba. Chitsulo anandilanda tsiku lomwelo. Jekete nalo linapita. Ndinatsala ndi khasu ndi dzina: mpaka lero ngakhale ana obadwa dzulo amanditchula "a Lamulungu". N'chifukwa chake ndimalemba masiku ndekha m'kope muno, ndi kasukulu kanga kolekeza panjira. Sindifunsanso munthu tsiku.

Basi. Nkhani ya lero ndi mutu.

Masiku khumi ndi awiri ukugunda kumanzere, kuseri kwa diso, ngati muli mayi akusinja. Ntchito yanga masiku ano n'kuzula udzu ku nazale ya tiyi, ntchito yowerama, ndipo ndikawerama dziko limapendekeka. Akapitawo abwera m'mawa uno. Akhala bwino, alonjera bwino, kenako ati nyumba za pa esiteti ndi za anthu ogwira ntchito. Lolemba likudzali ndikapanda kuoneka ku nazale, nyumba ino apatsa wina. Nyumba yomwe dothi lake ndinaponda ndekha! Nthochi zanga kuseriku!

Atachoka, mayi a Esitere, akazi anga, angoti, "Pitani akakulumikeni." Pa esiteti yonse ino wodziwa kulumika mutu ndi nyanga ndi mmodzi yekha. Ndani? Yemweyo. Ndawauza kuti bola mutu uphulike.

Ndili ndi njira yanga. Sabata yatha ndinayenda mpaka ku chipatala cha mishoni. Adokotala ake, mwana wa konkuno wovala zoyera, anandiyang'ana m'maso, anandiyang'ana lilime, nati matenda sakuwaona, mutuwu ndi wa kutopa ndi maganizo. Anandiuza zochita, ine n'kulemba pomwepo:

1. Kumwa madzi ambiri.
2. Kuyenda pang'onopang'ono m'mawa, kukadali kozizira.
3. Kukhala pamthunzi, kutsinzina, kupuma mpweya mozama.
4. Kufukiza ndi masamba ngati ndikufuna. Akuti sikulakwa.
5. Kusiya fodya wa m'mphuno.
6. Kusaganizira zinthu zowawitsa mtima.

Masiku atsala asanu ndi limodzi, mfundo nazo zisanu ndi imodzi. Zikukwanira ndendende. Ndichira ndekha, nyumba sipita, ndipo nyanga ya munthu uja siindikhudza.

Lachiwiri

Chitsulo chalira. Woliza wa masiku ano amamenya ngati akupha njoka. Sindikuganizira. Mfundo yachisanu ndi chimodzi.

Madzi. Ndamwa zikho zinayi ndisanasukusule. Adokotala sananene kuti ambiri ndi angati, ndiye ndaona kuti kuchulukitsa kuchiza msanga. Pofika dzuwa pamutu mtsuko wonse watha.

Maulendo a kuseri kwa nthochi: asanu ndi anayi.

Mayi a Esitere atsikanso kumtsinje kachiwiri, phiri lonse lija. Pobwera atula mtsuko, andiyang'ana nthawi yaitali, nati ng'ombe ya bwana siimwa chonchi.

Kuyenda. Njira zochoka panyumba pano ndi ziwiri. Yabwino, yosalala, imadutsa pakhomo pa munthu uja. Ndatenga inayo, yolowa m'mizere ya tiyi. Mame mpaka m'chiuno. Amayi othyola tiyi, madengu kumsana, aima n'kumandiyang'ana. Mmodzi wafunsa ngati ndataya mbuzi. Ndati ayi, ndikungoyenda. Wafunsa kuti kupita kuti. Ndati kulibe. Wafunsa kuti kukatenga chiyani. Ndati palibe. Ayang'anizana. Kuno munthu sayenda wopanda kolowera pokhapokha zinthu zitasokonekera m'mutu, ndipo ndamva wina akunong'oneza mnzake zomwezo.

Pobwerera ndaponda linthumbu. Adokotala anati pang'onopang'ono. Ndathamanga.

Madzulo. Mutu ukugundabe, koma lero ndi tsiku loyamba chabe. Ndamanga mpango wa mayi a Esitere kuzungulira chipumi, zolimba, monga ankachitira akuluakulu kwathu. Akapitawo podutsa kutayamba kachisisira alonjera ali patali: "Mwaswera bwanji amayi? Abambo akupeza bwanji?" Ndayankha ndi mawu aakulu kuti abambo akupeza bwino ndipo Lolemba aoneka ku nazale.

Fodya: sindinakhudze. Kachitini kake ndapereka kwa akazi anga kuti abise.

Dzina: sindinatchule. Ndalilota masana nditatsamira khoma, koma kulota si kuganiza.

Lachitatu

Chiperoni chagwa. Phiri silikuoneka, tiyi sakuoneka, kamvula kowaza kosaleka. Mutu ukuikonda nyengo imeneyi. Wasamukirako ku diso linalo kukaona ngati kuli malo.

Madzi ndachepetsa. Akazi anga abisa chikho chachikulu.

Lero n'la kupuma mpweya. Adokotala anandionetsa: kukoka ndi mphuno mpaka mimba ifufume, kusunga pang'ono, kutulutsa ndi pakamwa mosathamanga. M'nyumba muli utsi, ndiye chifunga chitachepako ndatenga mphasa, ndakagona chagada pansi pa mango m'mbali mwa njira, manja pachifuwa, maso otsinzina.

Ndilembe zoona: zinayamba bwino. Mapewa anatsika. Ndinamva mbalame. Sindikumbuka kuti ndinazimva liti komaliza. Kugunda kuja kunakhala ngati kwasamukira kunyumba ya eni.

Kenako kulira.

Mayi wina wochokera kotola nkhuni wandipeza chigonere, mpango kumutu, ndikukoka mpweya wautali, wautali, kenako n'kuima zii. Kwathu munthu akamapuma chotero ndiye kuti akutsirizika. Waponya nkhuni pansi. Ndimati nditsegule maso, koma ndinali pakati posunga mpweya ndipo sindinafune kuononga mankhwala. Potsegula, anthu azungulira. Wina akundiwaza madzi kumaso. Wina wayamba nyimbo ya maliro, ndipo wayambira pamwamba kwambiri. Wina akuti, "Anali munthu wabwino, kungoti wosaseka."

Ndakhala tsonga, ndafotokoza kuti ndikupuma. Akuti nawonso akupuma, koma sagona m'njira.

Choipitsitsa ndi ichi: wina anali atathamanga kale kukaitana munthu uja ndi nyanga zake. Ndaona chipewa chake chikutuluka m'chifunga, ndodo patsogolo, akubwera mosapupuluma. Ndakulunga mphasa. Ndadutsa m'munda wa chinangwa. Ndatseka chitseko, ndauza akazi anga anene kuti ndagona. Ndamumva panja akufunsa ngati maliro alipodi kapena abwerere akamalize kudya. Waseka. Kaseko kake sikanasinthe, kungoti mano achepa.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi yaonongeka lero. Si mlandu wanga. Wabwera yekha.

Mutu: ngati akusula khasu.

Kachitini ka fodya kali m'dengu la nandolo, pansi penipeni, kumanja. Sindinafufuze. Ndangodziwa.

Lachinayi

Sindikubwerera m'mbuyo. Lero kufukiza, njira ya makolo, yomwe ngakhale adokotala anaivomereza.

Zofunika:
masamba a bulugamu
mpungabwi
masamba a ndimu
mphika waukulu
bulangete

Bulugamu yense pano ndi wa bwana, ndipo kuthyola nthambi ndi mlandu. Ndati nditole masamba ogwa okha. Kutola n'kuwerama, kuwerama ndi mutu. Ndatola chogwada ngati ndili m'tchalitchi, mlonda wa nkhalango akundiyang'ana, mpaka wandimvera chisoni, wathyola yekha nthambi nati ndisauze munthu. Mpungabwi uli kuseri kwa nyumba, wochuluka. Mtengo wa ndimu pa mzere wathu wonse ndi umodzi, ndipo uli pakhomo pa munthu uja. Masamba a ndimu ndawafafaniza. Si ofunika kwenikweni.

Mphika waukulu uli pamoto ndi kalongonda, nyemba zathu zija, chiyambire mbandakucha. Mlomwe aliyense akudziwa kuti kalongonda saphikidwa mothamanga: kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, tsiku lathunthu, apo ayi amazunguza mutu. Ndapempha mphikawo kwa kanthawi. Akazi anga akana. Atapita kumtsinje ndakhuthulira kalongonda m'lichero, ndaphika masamba anga.

Ndakhala pansi, mphika pakati pa miyendo, bulangete pamutu. Mdima, kutentha, thukuta m'maso. Mphuno zatseguka mpaka kumva fungo la mbuzi za kutsidya. Khosi layamba kufewa. Mumtima ndati eya, ndapambana! Ndiye ndayetsemula, bondo lagunda mphika.

Zotsatira:
chala chachikulu cha kuphazi chapsa
bulangete lanyowa, ndipo m'nyumba muno bulangete ndi limodzi
chiperoni chikadalipo, poyanika palibe
kalongonda ndamubwezera mumphika msangamsanga, osatsuka

Chakudya chamadzulo chikununkhira nkhalango ya bwana. Akazi anga atafuna kamodzi, kawiri, asiya. Afunsa kuti mphika unachoka pamoto nthawi yaitali bwanji. Ndati pang'ono. Ine ndadya zambiri kusonyeza kuti vuto palibe. Dzuwa lisanalowe denga layamba kuzungulira, choyamba kumanja, kenako kumanzere.

Ndili chigonere pamphasa, akazi anga anena mawu awa, osakweza: "Bambo a Esitere, ine ndakalamba. Sindikufuna kukaponda dothi la nyumba ina chifukwa inu mukukwiyira munthu amene sakudziwa n'komwe kuti mwamukwiyira."

Ndati akudziwa. Akudziwa bwino lomwe. Munthu sangaphere mnzake ntchito n'kukhala wosadziwa.

Fodya: kamodzi. Ngati mankhwala a chizungulire.

Lachisanu

Tagona titafunda ziguduli. Akazi anga sakundilankhula. Akulankhula ndi nkhuku, koma nkhani yake ndi yanga.

Mutu uli mbali zonse ziwiri tsopano, chala nacho chikuthandizira kumunsi.

Ndaganiza mozama, pa zinthu zololedwa. Chochiza si munthu, ndi nyanga. Ndipo nyanga ndi nyanga basi. Kulumika ndaonererapo kambirimbiri. Amatema timabala tiwiri pambali pa diso, amavundikira ndi nyanga yoboola kunsonga, amayamwa mpweya, amatseka kabowo ndi phula, nyanga n'kumamatira yokha, kumakoka magazi oipa. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Nyanga ya mbuzi ndaipeza kudzala. Ndaiboola ndi msomali wamoto. Phula ndilibe, ndatenga utomoni. Lumo lilipo.

Vuto lomwe sindinaliganizire: pakamwa panga sipafika pambali pa mutu wanga. Ndayesa. Ndapotoza milomo, ndapotoza khosi. Mulungu anaziika pafupi ziwirizi, koma osati kuti zizikumana. Ndalumikiza phesi la papaya ku nyanga, ndalipinda kuti lifike pakamwa. Lathyoka. Phesi lachiwiri landithira utomoni wowawa pa lilime. Ndapempha akazi anga kuti ayamwe ndi iwo. Anunkhiza nyangayo, afunsa kuti mbuzi yake inafa ndi chiyani, abwerera kwa nkhuku.

Mwayi wake sindinayambe ndi kutema.

Masana kwabwera alendo: mwamuna wamphamvu ndi mkazi wake, khanda kumsana, ongofika kumene kuchokera kutsidya kwa malire. Akuti akapitawo awauza adzaone malo. Aulemu kwambiri. Alonjera m'Chilomwe chenicheni, cha kumudzi, chomwe sindinachimve zaka zambiri. Mwamunayo wayang'ana denga, wagwedeza nsanamira, nati ndi yolimba, anamanga ndi munthu wodziwa. Ndati ndine. Wati zikomo. Mkaziyo wangowerenga mikoko ya nthochi ndi maso.

Sindingawade. Nafenso tinafika chomwechi, mitolo pamutu, tikuyang'ana madenga a eni.

Atachoka ndapeza akazi anga akumanga miphika ing'onoing'ono m'nsalu. Akuti akungoona ngati ingakwane mtolo umodzi. Mng'ono wawo ku Khonjeni ali ndi kanyumba kophikira komwe tingamagonemo. Kanyumba kophikira ka mlamu! Ine, amene ndinkadzutsa esiteti yonse!

Ndayesanso kupuma mpweya, m'nyumba, chitseko chotseka kuti pasabwere olira. Ndakoka utsi. Ndatsokomola mpaka misozi.

Mfundo zotsala zosaonongeka: madzi.

Mawa ndipita kukaona mmene amagwirira nyanga. Mwina pali kanthu kamene ndikuphonya. Kukaona chabe, ndi maso, ndili chiimire.

Loweruka

Ndatenga njira yosalala. Ndi yaifupi kuposa mmene ndimaikumbukira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuzungulira phiri pothawa kamtunda kongoponya mwala.

Ali pakhonde, akusenda chinangwa. Wakalamba kuposa ine, ndipo zimenezi zandisangalatsa. Diso limodzi layera. Watukula mutu. "A Lamulungu. Maliro a Lachitatu aja ndinu? Khalani, khalani, musagwere pa chinangwa changa."

Ndati ndabwera kudzaona nyanga. Wati ndiiona ikakhala pamutu panga, ndipo ndisanayankhe wandikhazika pampando pansi pa mtengo wa ndimu, wamasula mpango wa akazi anga, wafunsa kuti anamanga mtolo wa nkhuni umenewu ndani.

Ndilembe zimene wachita asanakhudze nyanga. Wandipatsa chikho cha madzi. Chimodzi. Wandiuza nditsinzine. Wandiuza ndikoke mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono. Zomwe zija za adokotala, popanda pepala, popanda chovala choyera! Kenako zala zake pankhongo, pakhosi, m'mapewa, kukanda ngati akukanda dongo loumbira mphika. Wati khosi langa ndi louma ngati mpini. Wati nsagwada ndimaziluma ngati pali chimene ndasunga m'kamwa, nafunsa kuti ndimatafuna chiyani chosatha. 

Lumo, kawiri, sindinamve n'komwe. Nyanga yake ndi yaing'ono, yakuda, yosalala chifukwa cha manja. Wayamwa, watseka ndi phula, yagwira. Ina mbali inayo. Nati, "Tsopano musalankhule, musagwedeze nsagwada. Mukatsegula pakamwa zigwa, tiyambiranso."

Ndakhala ngati tonde, nyanga ziwiri, pakamwa potseka. Iye wabwerera ku chinangwa chake n'kumacheza yekha. Za bondo lake. Za anyani amene amutsirizira chimanga. Za anzathu amene tinaoloka nawo, mmodzi mmodzi ndi dzina lake, kuti tatsala awiri. Wati amandiona ndikudutsa kutali m'tiyi, ndipo amauza anthu kuti mnzanga uja chibadwire ndi wamanyazi, sakonda njira za anthu ambiri. Wati wakhala akubwera kudzacheza, koma nthawi zonse amapeza nditagona, mpaka anayamba kudera nkhawa kuti tulo timeneti ndi matenda.

Kenako waika mpeni pansi, wandiyang'ana ndi diso labwinolo.

"Koma achimwene, pali chimene ndimafuna kukufunsani zaka zonsezi. Dzina ili la Lamulungu anakupatsani ndani? Linayamba bwanji? Paja kumudzi simunali nalo."

Ndamuyang'anitsitsa, kufuna kuona kaseko kobisika m'mphepete mwa milomo. Kulibe. Nkhope ya munthu wofunadi kudziwa.

Mawu onse a zaka makumi awiri ndi zitatu afika pammero. Ndawakonza m'mawa uliwonse ndikuzula udzu, ndikudziwa loyamba, ndikudziwa lomaliza, ndikudziwa pamene ayenera kugwetsa nkhope. Ndatsegula milomo pang'ono. Nyanga yakumanzere yagwedera. Ndaona mwamuna uja akugwedeza nsanamira yanga, ndaona miphika m'nsalu.

Ndatseka.

"Musayankhe pano," watero. "Mudzandiuza tsiku lina. Iyenera kuti ndi nkhani yoseketsa."

Pochotsa nyanga n'kuti patafika mayi wina, tsaya lotupa, akubuula ndi dzino. Munthu uja wandipukuta timabala, wandithyolera masamba a ndimu odzaza manja, nati ndiziwiritsa ndizimwa madzulo, ndipo mutu ukayambiranso ndisadikire masiku khumi. N'kutembenukira kwa mayi uja.

Ndaima panjira. Ndapendeketsa mutu kumanzere. Kumanja. Ndawerama, ndatola kamwala. Ndakaponya, ndaweramanso.

Zii.

Chibadwire palibe chinandikwiyitsapo chotere.

Lamulungu

Mutu uli phee. Ndadzuka ndikuufufuza ululu uja ngati lilime lofufuza pomwe panali dzino. Palibe.

Akazi anga amasula mtolo wa miphika, akuimba. Bulangete lauma. Apita kutchalitchi, ine ndatsala chifukwa cha chala. Ndatuma mawu kwa akapitawo kuti mawa ndili ku nazale. Alendo aja akuti awapezera malo kumzere wakumunsi. Ndawatumizira mkoko umodzi wa nthochi, womwe mkaziyo anauyang'ana kwambiri.

Masamba a ndimu ndamwa. Ndi abwino. Zimenezinso zikundiwawa.

Ndagonja, ndipo ndikulemba poyera. Timabala tili pamaso, aliyense wodutsa akutiona n'kunena kuti eya, mwapita kwa a Khoviwa, manja abwino amene aja. Ine ndikuvomera ndi mutu. Mutu wake womwewo wochirawo.

Akazi anga pobwera ati ndipite ndikamufotokozere nkhani yonse, ithe. Ayi. Ndikamuuza ine adzaseka, adzati, "Ndinatero ine? Pepani achimwene," ngati wandiponda chala pamsika, kenako adzabwerera ku chinangwa chake. Kupepesa kochita kumupatsa ndekha sindikufuna. Mbuzi sindikufuna. Nkhuku sindikufuna.

Ndakalamba, nayenso wakalamba, ndipo sindikudziwa amene atsogole. Ndiye kuyambira mawa ndizidutsa pakhomo pake, m'mawa ndi madzulo, ndizimulonjera, aziona nkhope yanga mpaka china chake chigwedezeke m'mutu mwake. Ndizimwa madzi, ndizipuma mpweya, khosi likauma ndizipita akandikande, kuti ndikhale ndi moyo wautali wodikirira.

Chimene ndikufuna ndisanafe ndi chimodzi chokha. Akumbukire yekha. Abwere pakhonde pano ndi miyendo yake, akhale pansi, ayambe ndi pakamwa pake kuti, "Tsiku lija munandifunsa," ndipo anene mpaka kumapeto, ine osamuthandiza ngakhale liwu limodzi.